Msonkho ndi Kutsatsa Mankhwala kwa Odwala m'Dziko la America

Mwa maiko onse a pansi pano, awiri okha, ndiwo United States of America ndi New Zealand, ndi amene amalola kuti kampani yopanga mankhwala iime pamaso pa anthu wamba, pa wailesi yakanema, m'magazini kapena pa intaneti, ndi kutchula poyera dzina la mankhwala amene munthu sangathe kuwagula popanda kalata ya dokotala, nitchulanso nthenda imene mankhwalawo achiza ndi kuumiriza wodwala kuti akawafunse kuchipatala. Maiko a mgwirizano wa ku Ulaya analetsa mchitidwewu, Britain anauletsa, South Africa salola kuti mankhwala a m'magulu olembedwa ndi dokotala atsatsidwe kwa anthu wamba, ndipo bungwe la World Health Organization, pa malangizo amene linavomereza m'chaka cha 1988, linanena kuti kutsatsa kotere sikuyenera kuloledwa mwachisawawa. Koma ku America munthu sangathe kuonera nkhani za madzulo kufikira kumapeto osaona nkhalamba zikuvina m'munda wa maluwa, zitachira nyamakazi, pamene liwu lofatsa likuwerenga mofulumira zoopsa zimene mankhwalawo angadzetse m'thupi.

Za kuloledwa kapena kuletsedwa kwa malonda amenewa zakambidwa ndi ambiri. Pali funso lina lobisika pansi pake, limene lakhala likubwera m'nyumba ya malamulo ya ku Washington pafupifupi chaka ndi chaka, ndilo lakuti: kodi ndalama zimene kampani yaononga potsatsa mankhwala otere ziyenera kuchotsedwa pa phindu lake isanawerengeredwe msonkho? Kuti timve funsoli tiyenera kuyamba takumbukira kuti msonkho wa makampani sudulidwa pa ndalama zonse zolowa, koma pa zotsala. Munthu wogula chimanga ku Mchinji nakagulitsa ku Lilongwe sayesa phindu ndalama zonse zimene walandira pa msika. Amayamba wachotsa mtengo umene anagulira, matumba, galimoto ndi aganyu onyamula, ndipo chotsalacho ndicho chake. Lamulo la misonkho la ku America, lotchedwa Internal Revenue Code, pa gawo 162, linena chomwecho, kuti zonse zimene munthu waononga mozolowereka ndi mofunikira poyendetsa malonda ake azichotse m'chaka chomwecho. Ndipo malamulo ang'onoang'ono omasulira gawoli amatchula kutsatsa malonda pamodzi ndi malipiro a antchito, lendi ndi zokonzera nyumba. Chotero palibe ndime yolembedwera makampani a mankhwala paokha: iwo angolowa pa khomo lomwe alowera opanga sopo ndi ogulitsa magalimoto.

Khomo limenelo linakhala lotsegula zaka zambiri makampani a mankhwala osalisamala, pakuti kale wogula weniweni wa mankhwala amphamvu anali dokotala, ndipo kwa iye ndiko kunkapita amithenga a makampani ndi timabuku tawo. Lamulo la Durham ndi Humphrey la 1951 ndilo linasiyanitsa bwino mankhwala ofuna kalata ya dokotala ndi ogula pa shelefu, ndipo la Kefauver ndi Harris la 1962, limene linadza dziko litagwidwa ndi mantha chifukwa cha ana obadwa olumala ndi mankhwala a thalidomide, linapatsa bungwe la boma loona za zakudya ndi mankhwala, la FDA, mphamvu yoyang'anira kutsatsa kwa mankhwala otere. Mu 1981 kampani ya Merck inatsatsa katemera wa chibayo m'magazini ya Reader's Digest, ndipo mu 1983 kampani ya Boots inaonetsa pa wailesi yakanema mankhwala ake ochepetsa ululu otchedwa Rufen. A FDA anapempha makampani kuti ayambe aleka, koma mu 1985 anabweza pempholo, nanena kuti malamulo amene analipo akwanira. Chimene chinkagwira makampani miyendo chinali lamulo lakuti aliyense wotsatsa afotokoze mwatsatanetsatane zoopsa zonse za mankhwala, chinthu chotheka pa tsamba la magazini koma chosatheka m'mphindi imodzi ya pa wailesi. Mu Ogasiti 1997 a FDA anamasula mfundo imeneyo, nati nkokwanira kutchula zoopsa zazikuluzikulu ndi kulozera womvera ku nambala ya telefoni, ku magazini, ku intaneti kapena kwa dokotala wake kuti akamve zotsala. Kuyambira pamenepo madzi anasefukira.

Akatswiri awiri, Lisa Schwartz ndi Steven Woloshin, anawerengera m'magazini ya madokotala ya JAMA mu 2019 kuti ndalama zotsatsira mankhwala olembedwa ndi dokotala kwa anthu wamba zinakwera kuchoka pa madola 1.3 biliyoni mu 1997 kufika pa madola 6 biliyoni mu 2016. Ofesi ya boma yolondoloza ndalama, ya GAO, inapeza mu 2021 kuti pa zaka zitatu, 2016 kufikira 2018, makampani anaononga madola 17.8 biliyoni potsatsa mitundu 553 ya mankhwala. Masamu a msonkho pamenepa ndi apafupi. Msonkho wa makampani ku America unali 35 pa 100 iliyonse kufikira 2017, pamene unatsitsidwa kufika pa 21; chotero ngati kampani ichotsa madola 6 biliyoni pa phindu lake, boma lilephera kulandira madola pafupifupi 1.26 biliyoni pa mlingo wa lero, ndipo pa mlingo wakale likadalephera kulandira 2.1 biliyoni. Ndalama zimenezi ndi zochepa poziyerekeza ndi chuma chonse cha boma la America, koma ndi zochuluka ndithu kwa munthu amene amadula mapiritsi ake pakati kuti amufikitse kumapeto kwa mwezi.

Tsono apa ndi pamene mkangano uyambira, ndipo chilungamo chifuna kuti tiyambe tamva mbali ya makampani, pakuti mlandu suweruzidwa ndi khutu limodzi. Iwo, pamodzi ndi mabungwe a otsatsa malonda ndi a eni mawailesi, amakana kuti alandira mphatso iliyonse kuchokera ku boma. Amati kuchotsa zoonongedwa pa phindu si chifundo cha wokhometsa msonkho, koma ndi njira yokhayo yodziwira phindu lenileni. Kuti boma likakana kuchotsa ndalama zimene zinatulukadi m'thumba la kampani, ndiye kuti likudula msonkho pa chuma chimene kulibe. Ndi kuti amene atchula kuchotseraku kuti ndi thandizo la boma ayenera kutchulanso chimodzimodzi malipiro a mlonda wa pa geti ndi mtengo wa magetsi a m'fakitale. Mawu amenewa ali ndi mphamvu, ndipo ine sindigwirizana ndi iwo amene amawataya kumbali ngati machenjera chabe. Andale akamanena kuti okhoma msonkho ndiwo alipira malonda a mankhwala, amakulitsa nkhani kuti imveke kutali. Choonadi nchakuti kampani ilipira madola 79 pa 100 iliyonse kuchokera m'thumba lake, ndipo 21 otsalawo ndi msonkho umene ikadapereka ikadapanda kutsatsa konse.

Komatu mawuwo angakhale ali ndi mphamvu, sathetsa mlandu, pakuti pali zinthu ziwiri zimene amazilumpha. Choyamba nchakuti lamulo la misonkho silichotsa chilichonse m'chaka chomwecho: chimene chidzabala phindu zaka zambiri, monga nyumba kapena makina, chimachotsedwa pang'onopang'ono, chaka ndi chaka, monga momwe chikuthera. Mu 1933, pa mlandu wa Welch, Bwalo Lalikulu la milandu linamva za munthu amene, kampani yake ya malonda a mbewu itagwa, analipira ngongole zake mwa kufuna kwake kuti akonze dzina lake pamaso pa amalonda. Ndipo woweruza Benjamin Cardozo, polemba chigamulo, anakana kuti ndalamazo zichotsedwe, popeza mbiri yabwino ndi chuma chokhalitsa, chofanana ndi mpamba. Mu 1992, pa mlandu wa INDOPCO, bwalo lomwelo linatsimikiza kuti zoonongedwa zimene phindu lake lipitirira chaka chimodzi ziyenera kawirikawiri kuwerengedwa ngati mpamba. Ndani angakane kuti kampani imene yakhomerera dzina la mankhwala ake m'mitu ya anthu mamiliyoni yadzimangira chuma cha zaka zambiri? Otsatsa malonda anachita mantha ndi chigamulocho, koma m'chaka chomwecho ofesi ya misonkho, ya IRS, inatulutsa chilengezo chake cha nambala 92-80, chonena kuti kutsatsa kudzapitirira kuchotsedwa nthawi yomweyo, ngakhale kuli ndi phindu lina la m'tsogolo. Chotero kutsatsa kwa mtundu uliwonse kuli kale ndi mwayi umene zinthu zina zokhalitsa zilibe. Ndipo pamene Dave Camp, wapampando wa komiti ya misonkho m'nyumba ya malamulo, anayesa mu 2014 kuti theka la ndalama zotsatsira lichotsedwe pa zaka 10, maganizo ake sanapite patali.

Mwayi umenewu unaonekera poyera m'zaka za 2022 kufikira 2024 mwa njira imene iyenera kudetsa nkhawa aliyense wokonda sayansi ya mankhwala. Lamulo lomwe lija la 2017, lotsitsa msonkho wa makampani, linalamulanso kuti kuyambira 2022 ndalama za kafukufuku zisachotsedwe nthawi imodzi, koma pa zaka 5 ngati kafukufukuyo wachitikira m'dzikomo, ndi pa zaka 15 ngati wachitikira kunja. Kuyambira 2022 kufikira 2024, tsono, kampani yolipira katswiri wofunafuna mankhwala a khansa inkadikira zaka kuti ichotse ndalamazo, pamene yolipira mphindi ya pa wailesi yakanema inkachotsa zonse pomwepo. Lamulo la Julayi 2025 linabwezeretsa kuchotsera kwa nthawi yomweyo pa kafukufuku wa m'dzikomo, koma phunziro lake likhalabe: malamulo a misonkho sayesa zinthu zonse ndi muyeso umodzi, ndipo m'zaka zimenezo muyesowo unapendekera kwa wofuula koposa kwa wofufuza.

Chachiwiri nchakuti nyumba ya malamulo yakhala ikusankha kuyambira kale zimene ikana kuchotsa, ngakhale zili zotuluka m'thumba la wamalonda. Chindapusa cholipira boma chifukwa chophwanya lamulo sichichotsedwa, ziphuphu sizichotsedwa. Potsatira lamulo la 1993, ndalama zokopera aphungu kuti asinthe malamulo sizichotsedwa, ndipo malipiro a akuluakulu ena a makampani opitirira madola 1 miliyoni pa chaka anaikidwa malire. Mu 1981 bwalo la misonkho linalola munthu wina wogulitsa mankhwala ozunguza bongo kuchotsa lendi ya nyumba, telefoni ndi sikelo yake, popeza zinalidi zofunika pa malonda akewo. Aphungu anakwiya, ndipo chaka chotsatira analemba gawo 280E loletsa zimenezo. Dziko loyandikana nalo la Canada likana kuchotsa ndalama zotsatsira anthu a ku Canada pa mawailesi a kunja, pofuna kuteteza mawailesi ake. Zonsezi zisonyeza kuti funso lenileni silili lakuti kodi boma lili ndi ufulu wosankha, pakuti limasankha tsiku ndi tsiku. Funso nlakuti kodi kutsatsa mankhwala olembedwa ndi dokotala nkosiyana ndi kutsatsa sopo mokwanira kuti kuyenere muyeso wake wake.

Ine ndiyesa kuti nkosiyana, ndipo kusiyana kwake kuli m'maonekedwe a malondawo. Pa sopo, amene waona chithunzi, amene asankha, ndi amene alipira ndi munthu mmodzi; akanyengedwa, thumba lake lomwe limulanga, ndipo mawa sabwereranso. Pa mankhwala otere anthu ndi atatu: wodwala ndiye aona chithunzi, dokotala ndiye asankha, ndipo wolipira nthawi zambiri ndi kampani ya inshuwalansi kapena boma lenilenilo. Lipoti lija la GAO linapeza kuti pa madola 560 biliyoni amene Medicare, ndondomeko ya boma yolipirira okalamba ndi olumala, inaononga pa mankhwala m'zaka zitatu zija, madola 324 biliyoni anapita ku mankhwala amene anatsatsidwa kwa anthu. Sitinganene kuti kutsatsa kokha ndiko kunadzetsa ndalama zonsezo, pakuti makampani amatsatsa mankhwala amene ali kale ogulidwa kwambiri. Komabe chithunzi chake nchakuti boma lichepetsa msonkho pa mawu okopa wodwala, kenaka boma lomwelo lilipira mtengo wa chimene wodwalayo wakopeka nacho. Nkhuyu zodya mwana zimapota wamkulu. Ndiponso mankhwala amene atsatsidwa ndi atsopano, otetezedwa ndi chiphaso choletsa ena kuwapanga, ndi okwera mtengo. Palibe amene aononga mamiliyoni potsatsa mapiritsi akale otsika mtengo amene kampani iliyonse ingawapange, angakhale nthawi zambiri ndiwo oyenera kuyamba nawo.

Koma tisafulumire kunena kuti malondawa ndi oipa okhaokha, chifukwa umboni sulola. Kafukufuku amene ine ndimuyesa wofunika koposa ndi wa Richard Kravitz ndi anzake, wofalitsidwa mu JAMA mu 2005. Iwo anaphunzitsa akazi ochita masewero kuti apite kwa madokotala ngati odwala, ena akuonetsa zizindikiro za nthenda yeniyeni ya kuvutika maganizo, ena akuonetsa chisoni chopepuka chodza ndi zovuta za moyo, chimene kawirikawiri sichifuna mapiritsi. Mwa oonetsa nthenda yeniyeni, amene sanapemphe kanthu analandira mankhwala 31 pa 100, amene anatchula dzina la mankhwala a Paxil monga analimvera pa wailesi analandira 53 pa 100, ndipo amene anangofunsa ngati pali mankhwala othandiza, osatchula dzina, analandira 76 pa 100. Mwa oonetsa chisoni chopepuka, osapempha analandira 10 pa 100, ofunsa osatchula dzina 39, ndipo otchula dzina 55. Ndikupempha wowerenga ayang'anitsitse manambala amenewa, pakuti nkhani yonse ili m'menemo. Pempho la wodwala linathandiza odwaladi amene akadanyalanyazidwa, ndipo ichi ndi chabwino chimene sitiyenera kuchibisa. Koma kutchula dzina la mankhwala kunathandiza odwaladi mochepa kuposa kufunsa wamba, pamene kunachulukitsa kasanu kupereka mapiritsi kwa osawafuna. Ubwino unachokera ku kudziwa kuti nthendayo ilipo ndi kuti ili ndi chithandizo. Choipa chinachokera ku dzina. Katswiri wina wa zachuma, Bradley Shapiro, anasonyezanso kuti kutsatsa mankhwala a kuvutika maganizo kumapititsa anthu kuchipatala kumene amalandira ngakhale mankhwala a makampani ena, ndi kuti kumachepetsa kujomba ku ntchito. Umboni umenewonso ulozera komweko, kuti phindu la anthu onse lili m'kudzutsa wodwala kuti apite akaonedwe.

Choopsa chachikulu chili pa mankhwala atsopano, amene zobisika zake sizinadziwike. Vioxx, mankhwala a Merck ochepetsa ululu wa nyamakazi, anavomerezedwa mu 1999, ndipo m'chaka cha 2000 chokha kampaniyo inaononga madola pafupifupi 160 miliyoni powatsatsa kwa anthu. Anthu mamiliyoni anawamwa, ambiri mwa iwo akadathandizidwa ndi mapiritsi akale. Ndipo pa 30 Seputembala 2004 mankhwalawo anachotsedwa pa msika zitadziwika kuti amachulukitsa matenda a mtima ndi kufa ziwalo. Mu 2007 kampaniyo inavomera kulipira madola 4.85 biliyoni kwa odandaula. Makolo anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ndipo bungwe la akatswiri la Institute of Medicine, poona zimenezi, linalangiza mu 2006 kuti mankhwala atsopano asamatsatsidwe kwa anthu m'zaka zake ziwiri zoyamba. Langizolo silinakhale lamulo. Kafukufuku wina wa mu 2023 anapeza kuti mwa mankhwala otsatsidwa koposa pa wailesi yakanema ku America, osakwana gawo limodzi mwa magawo atatu ndiwo anayesedwa ndi mabungwe a zaumoyo a maiko ena kuti aposa kwenikweni mankhwala amene analipo kale.

Wina angafunse kuti, ngati zili tero, bwanji osangoletsa malondawo monga anachitira maiko ena, m'malo mozungulira njira ya msonkho? Yankho lili m'malamulo oyendetsera dziko la America, amene amateteza ufulu wa kulankhula mwamphamvu yoposa ya maiko ambiri. Mu 1976 Bwalo Lalikulu linagamula kuti ngakhale mawu a malonda ali otetezedwa, ndipo mlandu wake unali wa mankhwala omwewa: chigawo cha Virginia chinkaletsa ogulitsa mankhwala kulengeza mitengo yawo, ndipo bwalo linati osauka ndi okalamba ndiwo avulala koposa mitengo ikabisidwa. Mu 1980, pa mlandu wa Central Hudson, linaika miyeso imene boma liyenera kukwaniritsa lisanaletse mawu a malonda, ndipo mu 2002 linathetsa lamulo loletsa kutsatsa mankhwala osakanizidwa m'mafamase. Chotero ofuna kusintha zinthu anatembenukira ku msonkho, atatsamira pa mlandu wa Cammarano wa 1959. Pa mlanduwo, ogulitsa mowa wa pikulitsa m'chigawo cha Washington anaononga ndalama pokopa anthu kuti akane lamulo limene likadawalanda malonda, nafuna kuzichotsa pa msonkho. Bwalo linakana, nilifotokoza kuti palibe amene wawatseka pakamwa, koma angouzidwa kuti alankhule ndi ndalama zawo, monga achitira wina aliyense. Komabe chitsamiro chimenechi sichili cholimba monga ambiri aganizira, pakuti lamulo la pa mlandu wa Cammarano linkakhudza amalonda onse mofanana, pamene lamulo lochotsa mwayi wa msonkho pa malonda a mankhwala likadasankha mtundu umodzi wa olankhula ndi mtundu umodzi wa mawu. Ndipo mu 2011, pa mlandu wa Sorrell, bwalo linathetsa lamulo la chigawo cha Vermont chifukwa chomwecho, chakuti linalemetsa otsatsa mankhwala paokha. Lamulo lotere likadzalembedwa, lidzapita ku bwalo mosakayika, ndipo olilemba adzayenera kusonyeza kuti cholinga chawo ndi kuyesa msonkho molungama ndi kusamala chuma cha boma, osati kuzimitsa mawu amene sawakonda.

Kuyesa kwakhala kochuluka. Mu 2009, pamene ankakonza lamulo lalikulu la zaumoyo la Pulezidenti Barack Obama, Charles Rangel, amene ankatsogolera komiti ya misonkho, ananena kuti akulingalira zochotsa mwayiwu kuti apeze ndalama, koma mfundoyo sinalowe m'lamulo. Phungu Al Franken wa ku Minnesota anabweretsa bilo yake chaka chomwecho nabwerezanso pambuyo pake. Mu 2015 bungwe la madokotala la American Medical Association linapempha kuti malondawa aletsedwe konse, ndipo Hillary Clinton anaika kuchotsa mwayi wa msonkhowu m'malonjezo ake a chisankho. Phungu Jeanne Shaheen wa ku New Hampshire wakhala akubweretsa bilo yotere mobwerezabwereza, ndipo mu 2025 anagwirizana ndi Josh Hawley wa ku Missouri, wa chipani china, pa bilo imodzi. Palibe ndi imodzi yomwe imene yakhala lamulo. Chifukwa chake sichili makampani a mankhwala okha, angakhale ali amphamvu. Eni mawailesi, amene nkhani zawo za madzulo zimaonedwa koposa ndi okalamba ndipo zimadalira ndalama za malonda amenewa, pamodzi ndi otsatsa a mitundu yonse, amaopa kuti khomo likatsegulidwa pa mankhwala, mawa adzatsatira mowa, zakumwa zotsekemera ndi njuga, pakuti chaona mnzako chapita, mawa chili kwa iwe. Ndipo phungu amene afuna kusankhidwanso safuna kudana ndi wailesi ya kwawo.

Tiyerekeze kuti lamulolo ladutsa: chingachitike nchiyani? Mtengo weniweni wa kutsatsa kwa kampani ungakwere kuchoka pa 79 kufika pa 100, ndiko kuti ndi 27 pa 100 iliyonse. Malonda ena, amene phindu lake linali lokayikitsa, angaleke. Koma a mankhwala obweretsa mabiliyoni pa chaka angapitirire monga kale. Mitengo ya mankhwala singatsike moti wodwala nkuzindikira, chifukwa mtengo wa mankhwala otetezedwa ndi chiphaso suchokera pa zimene kampani yaononga, koma pa zimene olipira angapirire; ofesi ya nyumba ya malamulo yowerengera chuma, ya CBO, inayesa mu 2024 kuti ngakhale kuletseratu malondawa kungatsitse mitengo pang'ono chabe, osapitirira 1 pa 100. Aliyense wolonjeza mapiritsi otsika mtengo kudzera m'njira imeneyi alonjeza chimene sangathe kupereka. Ndiponso ndalama zotsekeredwa kuno zingatulukire kwina, pakuti m'chaka chomwe chija cha 2016, pamene madola 6 biliyoni anapita kwa anthu wamba, madola 20.3 biliyoni anapita kwa madokotala ndi ena a zachipatala, mwa amithenga, zakudya, malipiro a maphunziro ndi mankhwala aulere oyesera. Ndipo mabilo ambiri sakhudza gawo lalikululi.

Ndi zonsezo, ine ndiima ndi iwo amene afuna kuti mwayiwu uchotsedwe, koma uchotsedwe ndi mpeni wakuthwa, wodziwa pamene udula. Malonda otchula dzina la mankhwala ofuna kalata ya dokotala asachotsedwe pa phindu, kapena ngati aphungu aopa bwalo, achotsedwe pang'onopang'ono pa zaka zimene chiphaso cha mankhwalawo chatsala nazo, popeza dzinalo ndi chuma chokhalitsa monga mlandu wa Welch unaphunzitsira. Koma mauthenga ophunzitsa za nthenda, osatchula dzina, osaonetsa mtundu wa bokosi kapena chizindikiro cholozera ku mankhwala amodzi, akhalebe ochotsedwa, chifukwa umboni wa Kravitz usonyeza kuti ubwino uli kumeneko. Ndipo ndalama zopezekazo zisamire m'thumba lalikulu la boma. Dziko la Italy limalamula makampani a mankhwala kupereka 5 pa 100 ya ndalama zawo zotsatsira ku thumba la bungwe loyang'anira mankhwala, limene mwa zina limalipira kafukufuku wosadalira makampani, monga woyerekeza mankhwala atsopano ndi akale. France nayonso ili ndi msonkho wapadera pa ndalama zotsatsira mankhwala. Njira imeneyi ili ndi nzeru yakuti ikhudza ndalama zopita kwa madokotala, ndi kuti isandutsa mbali ya ndalama zokopa kukhala ndalama zofunira choonadi.

Ntchito yovuta koposa idzakhala kulemba malire a chimene chitchedwa kutsatsa, pakuti malondawa akuchoka pa wailesi yakanema kunka ku Facebook, YouTube, Instagram ndi TikTok, kumene munthu wolipidwa amasimba za kuchira kwake ngati bwenzi, ndi kumene makampani opereka dokotala wa pa telefoni amatsatsa jakisoni wochepetsa thupi angakhale iwo sali opanga mankhwalawo. Kumeneko ndiko nkhaniyi itikhudzira ifenso, popeza uthenga wolipiridwa ku New Jersey umafika pa foni ya ku Blantyre, ku Chipata kapena ku Tete wopanda dokotala woutsatira, m'maiko amene mankhwala amphamvu amagulidwa kawirikawiri popanda kalata. Pa 9 Seputembala 2025 Pulezidenti Donald Trump analamula unduna wa zaumoyo, wotsogozedwa ndi Robert F. Kennedy Jr., kuti ukhwimitse kuyang'anira malondawa, ndipo a FDA anatumiza makalata ochenjeza makampani, nalengeza kuti afuna kutseka mpata uja unatsegulidwa mu 1997, kuti wotsatsa azifotokozanso zoopsa zonse m'malonda momwemo. Zikatheka zimenezo, malonda a pa wailesi yakanema adzatalika ndi kukwera mtengo koposa momwe msonkho ungawakwezere. Koma lamulo la pulezidenti silingasinthe gawo 162, pakuti mphamvu ya msonkho ili ndi nyumba ya malamulo yokha, ndipo kufikira aphungu atavota, dola iliyonse yolipiridwa kwa wailesi kapena kwa wosimba wa pa intaneti idzachotsedwabe pa phindu m'chaka chomwe yalipiridwa.